Mfuti ya Felisberto itakula kukamwa

Anyani a kumunda kwa mayi Adelaide anali atamuzolowera Felisberto mpaka kumamudikirira. Eti akatulukira ndi mfuti yake, m'malo mothawa iwo ankangosuntha pang'ono n'kukakhala pomwe waloza, chifukwa anali ataona kale kuti pamenepo ndiye pabwino, chipolopolo sichifikapo kkkk. Lero chipita kumanzere, mawa kumwamba, tsiku lina chinakagwetsa mkoko wa nthochi za eni.

Izi zinali mu 1956, Lichinga ikadali Vila Cabral. Felisberto anachokera ku Maniamba kudzakwatira Delfina ku Namacula, ndiye ankakhala pachikamwini, pakhomo pa apongozi ake, mayi Adelaide aja. Delfina ankamukonda mpaka zochititsa manyazi. Vuto linali amayiwo.

Paja mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, salankhulana. Zaka ziwiri zathunthu akakumana panjira wina ankalowa m'tchire. Ndiye mayi Adelaide akakhala ndi mawu ankauza nkhuku.

"Iwe nkhuku," anatero m'mawa wina akusesa, mokweza bwinobwino, "chimanga changa chikatha ndi anyani tisanakolole, pali munthu wina pano apinda mphasa yake. Ndiitana ankhoswe. Ku Maniamba njira sinatsekeke."

Nkhuku inangojompha pansi. Felisberto kuseri kwa nkhokwe tiyi anamutsamwa.

Tsiku lomwelo anakulunga mfuti m'thumba, lisensa ya mfutiyo m'malaya, ulendo ku Sanjala kwa Che Atumani. Amenewa anali fundi wa zitsulo, ankasula makasu ndi nkhwangwa koma mfuti zakale zothira wonga kukamwa ankazidziwa ngati ana awo. Fundiyo anamasula chotsekera chakumbuyo kwa mpope, n'kuloza mpope kudzuwa, diso limodzi tsinzi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kuseka mpaka kofia kugwa.

"Che Felisi, umu si mumpope ayi. Uwu ndi msewu wa ku Unango nthawi ya mvula."

"Inali ya malume anga, fundi."

"Malume anuwo ankaphera nyama kapena ankatakasira mowa? Dzimbiri ladya, maenje okhaokha. Chipolopolo chikamatuluka chimakhala chitaledzera kale."

Felisberto anayang'ana mfuti ija. "Ndiye yatha ntchito?"

Che Atumani anagogoda mpopewo ndi kachitsulo, kumvetsera, n'kuyeza kunenepa kwake ndi kaudzu.

"Mnofu ulipo. Akale sankaumira chitsulo. Tiipala m'kati mpaka maenje athe, ikula kukamwa, idzadya chipolopolo chachikulu. Koma wopukusa ndinu, ine msana ndinasiya ku Joni."

Ntchito yake ndiye iyi. Fundi anatenga tupa yakale, kuiotcha, kuisula ikhale ya mbali zinayi zakuthwa, n'kuilumikiza ku ndodo yaitali yachitsulo yokhala ndi chogwirira. Mpope anaumanga pa chipika. Mbali imodzi ya tupa ija anagonekapo kansungwi kopalapala, kuthira mafuta a nsatsi, ndiye Felisberto azipukusa pang'onopang'ono mpaka itulukire mbali inayo. Ikatuluka, fundi ankang'amba kachidutswa ka nyuzipepala yokulungira sopo ku loja, kusitolo kuja, kukalowetsa pansi pa nsungwi ija kuti tupa ikule pang'ono chabe, n'kuyambiranso.

"Pepala limodzi basi?" anafunsa Felisberto tsiku loyamba. "Bwanji tiike atatu tifulumire?"

"Mwana wanu woyamba mudzamuuzanso abadwe miyezi itatu? Pukusani."

Anapukusa. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Kuzizira kwa Vila Cabral kuja anthu atafunda mabulangete, iye thukuta kamukamu. M'manja matuza. Zotuluka mumpope poyamba zinali zofiira ngati dothi, kenako zakuda, kenako tizitsulo tonyezimira. Delfina ankabwera masana ndi mbatata yootcha, n'kukhala pa mtondo wogubuduzika kumawaseka.

"Fundi, amuna angawa kunyumba ngakhale mtondo sanaugwirepo. Muwasunge mwezi wonse."

"Nkhuku ikuti bwanji kunyumba?" Felisberto anafunsa motsitsa mawu.

"Dzulo yauzidwa kuti kwatsala theka la munda."

Lachisanu chakumasana fundi analozanso mpope kudzuwa, n'kumupatsa Felisberto. Aaa. M'kati munali ngee ngati galasi, kuwala kukuzungulira bwinobwino popanda kabanga. Felisberto anavina pomwepo, bambo wamkulu ndevu zili pepeya kkkk. Anaibwezera pa thabwa lake, kuimanga ku mtengo wa mango, kuthira wonga wambiri ndi chibulumwa cha mtovu, n'kukoka ndi chingwe onse atabisala kuseri kwa chipala. Inalira ngati mphambe. Mpope osang'ambika.

"Alhamdulillahi," anatero fundi akusamba m'manja. "Ine ndikupita kumzikiti ku Juma. Musachoke, ntchito yatsala pang'ono."

Atangokhota pakona, Delfina anatulukira akuthamanga, kapulana, chitenje chakecho, ili m'manja.

"Anyani alowa. Gulu lonse, ndi chimkulu chawo chija. Amayi ali okha kumunda akuponya miyala."

Kudikira Juma ithe? Felisberto ananyamula mfuti ndi kathumba kake ka zipolopolo zakale, liwiro, Delfina pambuyo.

Munda wa mayi Adelaide unali kutsetse, kumunsi kwa kaphiri. Atafika pamwamba anaona zonse. Anyani ali yakaliyakali kuthyola chimanga, ena atapanira ziwiri kukhwapa. Chimkulu chija chitakhala pa chulu ngati mwini munda, chikusenda mwaulemu. Mayi Adelaide anali chapafupi ndi Felisberto, kumunsi pang'ono, atatopa, mpango utapendama. Atamuona anatembenuka msanga kuyang'ana kumbali monga mwa mwambo.

Felisberto anathira wonga, kuponyamo chipolopolo. Chinangoti gubudu mpaka pansi osafuna n'kusinja komwe. Iye n'kumati eee, koma fundi ndi fundi, taonani kusalala. Anagwada, kuloza kumunsi kuchulu kuja, kutsinzina diso.

Ndiye kunamveka kaphokoso. Kolokolokolo.

Chipolopolo chija, poti chinali cha mpope wakale wopapatiza, chinagubuduka chokha mumpope, kutuluka kukamwa, kugwa pansi, n'kupitiriza ulendo kutsetse pang'onopang'ono mpaka kukaima pa chala cha phazi la apongozi kkkkk. Kale chinkachita kukanikizidwa ndi ndodo n'kugwira ndi dzimbiri, nsanza zokulungira chipolopolo sankaziganizira n'komwe.

Ngakhale chimkulu chija chinasiya kutafuna.

Delfina anadziluma mkono kuti asaseke. Felisberto anangoti basi, Maniamba ndabwera.

Mayi Adelaide anawerama n'kutola chipolopolocho. Anachitembenuza m'manja. Anayang'ana uku ndi uku, koma kumunda kunalibe nkhuku yoti aiuze. Ndiye anakwera katsetse kaja, kufika pamaso pa mkamwini wawo, maso ndi maso koyamba chikwatire.

"Bambo, mwakulitsa nyumba koma mwana ndi yemwe uja. Bweretsani kuno."

Analuma m'mphepete mwa kapulana yawo, kung'amba kansanza, kukalavulira, kukulunga chipolopolo kawiri. Anachiika kukamwa kwa mfuti, kusolola ndodo n'kusinja katatu mwamphamvu ngati akusinja mphale. Anaizondotsa mfutiyo n'kuigwedeza. Osatuluka kanthu.

"Bambo anga ankapha njati ku Lugenda," anatero akumubwezera mfuti. "Wonyamula wonga ndinali ine. Tsamiritsani bwino paphewa, yakula iyi, imenya."

"Zikomo amayi," mawu anachita kutuluka ngati a mwanapiye.

Anyani muja anazolowerera, ataona mfuti yaloza kuchulu, awiri anasuntha kukakhala pafupi ndi mkulu wawo.

Phuuu.

Utsi unadzaza munda wonse. Felisberto anapezeka ali chagada m'mizere ya nyemba, miyendo m'mwamba, khutu likulira. Utsi utapungula, pachulu panalibe munthu, pepani, panalibe nyani. Chimkulu chija chinali gone kuseri kwa chulu, ndipo gulu lonse linali litafika kale pakati pa phiri, zimanga zili mbwee m'njira, ana akukuwa pamsana pa amawo.

Delfina ndiye anagwa pansi ndi phwete. Mayi Adelaide anayesa kugwira pakamwa ndi mpango koma zinakanika, anaseka mpaka misozi, mpaka kukhala pansi pa mzere.

"Mwathyola nyemba zanga," anatero akupukuta m'maso.

"Pepani amayi."

"Dzukani. Mawa mupite kwa fundi wanuyo akupangireni chikombole cha zipolopolo zazikulu, ine kapulana ndili nazo ziwiri zokha. Mukabwerako muyambe kudula nsungwi. Nkhokwe ija yachepa, ndipo ya chaka chamawa mudzamanganso ndinu."

Felisberto anadzuka, phewa likuwawa, dothi mpaka m'makutu, mano onse ali pamtunda. Delfina anamukutumula kumsana n'kumunong'oneza kuti atseke pakamwa ntchentche zingalowe. Kenako atatuwo anayamba kutola chimanga chomwe anyani anataya.