Phokoso la Aphunzitsi Silvesta

Fungo la mkaka wosasa linamulandira Hannah asanatsike n'komwe pa kabaza. Kuseri kwa nyumba ya gulu la alimi a mkaka, kufupi ndi Mikolongwe, amayi awiri ankatsuka zigubu atakwinya nkhope.

"Wafika mwana wa aphunzitsi!" anatero a Nabanda, wapampando wa gululo. "Tanunkhiza wekha. Kachiwiri aka. Magetsi azima, foni yanga ziii, jenereta osalizidwa, thanki yonse n'kusasa. Akomiti agwirizana kuti zikachitikanso, kabokosi ka bambo akoka tikachotsa."

Kabokosiko kanali pakhoma, pambali pa thanki yoziziritsira mkaka. Malemu a Silvesta, bambo ake a Hannah, anakapanga atapuma pa uphunzitsi, pogwiritsa ntchito mabuku amene mwana wawoyo anasiya pomaliza maphunziro a makompyuta ku Blantyre. Ntchito yake inali kuyeza kuzizira kwa mkaka, ndipo zinthu zikavuta kankatumiza uthenga pa foni ya wapampando. Anthu ankawaseka kuti mkulu wachoko akufuna kusanduka injiniya. Kenaka kanagwira ntchito zaka zinayi osaphonya, oseka aja n'kumadzitama nako kumsika wa Namadzi.

Hannah analumikiza laputopu yake. Sanachedwe kuona vuto.

"Achimwene a Gladson, logi iyi munaifufuta liti komaliza?"

A Gladson, mlembi wa gulu, anakanda kumutu. "Logi ndiye chiyaninso?"

"Buku limene pulogalamu imalembamo zonse zimene ikuchita. Izi zikuyenda pagalasizi."

"Oho, mawu a aphunzitsi! Amenewo ankafufuta okha mwezi ndi mwezi. Anandionetsa ndithu pokanikiza pake. Koma chimwalirireni, aaa, ine ayi. Ndifufute mawu a malemu, ine? Dzanja limakana, achemwali."

Hannah anafuna kukalipa, koma maso ake anagwera pa mizere ya mawu imene inkayenda pagalasipo. Bambo ake sankalemba logi ngati anthu ena. Ankalemba mmene ankayankhulira. "Ndayeza, kukuzizira bwino, musadandaule." Sekondi ina: "Ndayezanso, zikadali bwino." Pena: "Netiweki yathawa, koma ibwera, timaidziwa." Anachita ngati akuwamva pakhonde paja, atavala juzi yawo yobiriwira, akukangana ndi wailesi. Anawasowa kwambiri, moti anayamba wapukuta magalasi ake amene sanali akuda.

"Mwaonatu," anatero a Gladson motsitsa mawu. "Ine m'mawa uliwonse ndimayamba ndawerengako. Zimakhala ngati abwera kuntchito."

"Abwera, inde, koma akulongolola mopitirira," anatero Hannah. "Zaka ziwiri chimwalirireni, sekondi iliyonse! Kakhadi kosungira zinthu kadzaza. Gawo lotumiza uthenga likafuna kulemba limapeza malo palibe, n'kufa pomwepo. Mkaka wanu wasasa chifukwa cha ulemu."

A Nabanda anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye aphunzitsi enieniwo! Pamsonkhano ankati ayankhula mawu awiri, ife mpaka ng'ombe kulira m'khola."

Onse anaseka, ngakhale kuseka kwake kunali kwa chinyezi m'maso.

Hannah anayamba wakopera logi yonse yakale pa fulashi, n'kuipereka kwa a Gladson kuti akasunge. Atatero anafufuta ya m'kabokosi, n'kutsegula fayilo ya makonzedwe. Anawafotokozera kuti pulogalamuyo ili ndi magawo atatu, ndipo gawo lililonse likhoza kupatsidwa mlingo wakewake wa kayankhulidwe. Pa DEBUG limanena chilichonse, ngakhale zopanda pake. Pa INFO limanena zikuluzikulu zokha. Pa ERROR limakhala chete mpaka zinthu zitavuta. Bambo ake anaika onse atatu pa DEBUG.

Gawo lotumiza uthenga analisiya pomwepo, kuti aliyang'anire sabata imodzi aone ngati lachiradi. Gawo loyeza kuzizira, mwini phokoso uja, linafunika kupita pa ERROR. Apa ndiye panavuta. Ankadziwa bwino kuti akangosintha liwu limodzilo, "musadandaule" uja sadzaonekanso.

Anatsitsa fayiloyo pang'ono, pongozengereza. M'munsi mwake munali kamzere kamene pulogalamu siwerenga, kamene wolemba amasiyira mnzake wodzabwera pambuyo:

"Phokosoli ndikulidziwa. Ndimaopa kuchepetsa, ndingaononge. Hana akadzapeza mpata adzakonza."

Hannah anawerenganso kamzereko. Anakumbukira maulendo onse amene bambo ake ankaimba foni kuti, "Ukabwera udzandionereko kanthu kena pa makinawa," iye n'kumayankha kuti mwezi wamawa, ntchito yachuluka. Mwezi wamawawo unakhala zaka. Manyazi anamugwira, chisoni n'kukwera pamwamba pake.

"Walemba chiyani mkuluyo?" anafunsa a Nabanda.

"Akuti ndachedwa, mayi."

Anafufuta DEBUG, n'kulemba ERROR. Mizere ija inaima. M'chipindamo munangotsala kulira kwa thanki.

"Tazimitsani thankiyo tione," anatero Hannah.

A Gladson anatsitsa swichi. Anadikira, aliyense maso pa chitenje cha a Nabanda pamene panamangidwa foni. Patapita kanthawi inalira. A Nabanda anamasula mfundo, nawerenga mokweza uthenga wa magetsi, kenaka anaimika amayi otsuka zigubu aja kuti nawonso amve.

"Kabokosi kakhala," anatero. "Akomiti ndikawauza ndekha."

A Gladson okha ndiwo sanasangalale. Ankayang'ana galasi lopanda kanthu lija, fulashi ili m'manja.

Panatsala gawo lachitatu, laling'ono, limene limadzutsa pulogalamu folo koloko m'mawa alimi asanayambe kufika ndi zigubu. Limalemba mzere umodzi basi pa tsiku. Ku ofesi kwake ku Blantyre, Hannah akanalitseka pakamwa osaganiza kawiri. Analiika pa INFO, nasunga fayilo, n'kuyambitsanso kabokosiko kuti aone ngati zonse zagwira.

Pagalasi panatuluka mzere umodzi, n'kukhala pomwepo wokha.

"Ndadzuka. Mwadzuka bwanji nonse?"

"Tadzuka, aphunzitsi," anayankha a Gladson.

Hannah anatseka laputopu, n'kufunsa a Nabanda ngati njira yakumanda ija idakali yodutsa kuseri kwa dibi la ng'ombe.