Tinsomba sikisi ta Falesi

Thanki ija ndinabwera nayo ndine. Bwana wina amene ndinkamupentera nyumba ku Limbe ankafuna kuitaya, kabokosi kagalasi kolowa madzi a chigubu chimodzi basi, ndipo ndinakanyamula pamiyendo m'minibasi mpaka kwa Mpama. Anthu anandiseka. Akamwini anzanga ankabweretsa malata, ine ndabweretsa galasi losungiramo madzi. Koma mkazi wanga Falesi anakapukuta ndi chitenje chake n'kunena kuti Loweruka tipite tikasankhe nsomba.

M'sitolo ya a Shafiq ku Limbe komweko, Falesi analoza chinsomba chofiira, chonenepa ngati mbatata. A Shafiq anapukusa mutu.

"Thanki yanu ndi yaing'ono, mayi. Imeneyo ingasowe potembenukira. Tengani iti." Anatisonyeza tinsomba tochepa kuposa matemba, ta mzere wabuluu m'mbali, tikuyenda pamodzi n'kumakhotanso pamodzi.

"Mutipatse tisanu," anatero Falesi. "Ine, bambo awa, ndi ana athu atatu."

"Sikisi, osachepera pamenepo. Timeneti n'tapagulu. Tikachepa timagwidwa mantha, timabisala pakona, kudya timasiya."

Falesi anagwira mimba yake, imene inali itayamba kuoneka, n'kuseka. "Kachisikisiko kakhala ka mlendo akubwerayu."

Tinaika thankiyo pakabati, kapampu kake tikulumikiza ku batire ya sola. Falesi anakhazikitsa malamulo oposa a kutchalitchi: sopo asayandikire, chakudya n'chongotsina ndi zala ziwiri, madzi kusintha pang'ono Lamlungu lililonse. Ana ankakangana kuti kanga ndi kati, pomwe tonse tinali tofanana.

Mlendo uja sanafike. Anapita tsiku limodzi ndi mayi ake, mu Malichi, chimanga chili chachiwisi.

Kwathu kuno mwamuna umakhala kwa mkazi. Mkazi akamwalira, pakapita miyezi akuchikazi amakusudzula kuti ubwerere kwanu, ana n'kutsala ndi mbumba yawo. Zimenezo ndinkazidziwa kuyambira tsiku limene ndinamanga nyumba pamalo awo, ndipo sindinkafuna kulimbana nazo. Ndinkangofuna chinthu chimodzi: Tawina, Levi ndi Mtisunge atsale pakhomo limodzi.

Tsiku losudzula ndinawauza zimenezo alamu anga a Kalinde, amene ndi malume a anawo. A Kalinde si munthu woipa, ndinene zoona. Vuto lawo n'chilungamo chotopetsa, chija choyeza chilichonse pasikelo.

"Alamu, ndakumvani," anatero. "Koma ndani mwa azilongo angawa angadyetse ana atatu pamwamba pa ake? Tawina apita kwa Agnes ku Milepa. Levi akhala ndi ine ku Boma, sukulu ili pafupi. Wamng'onoyu atsala pompano ndi Kristina. Aliyense asenzeko pake."

"Amayi awo apita kale. Asowenso anzawo?"

"Azionana pa holide, alamu."

Ndinapsa mtima, koma mkamwini wosudzulidwa mtima wake umapsera m'mimba. A Kalinde anagawa mabulangete, mapoto, mbale. Atafika pathanki, ana onse atatu anayamba kulira, aliyense akuti nsomba za amayi zipite ndi iye. A Kalinde anawerenga ndi chala, nkhope yawo n'kuwala ngati apeza yankho la samu. Anaitanitsa mabotolo atatu a mayonezi.

"Tiwiritiwiri. Palibe wodandaula."

"Alamu, timeneti sitigawika. Wogulitsa ananena kuti tikachepera sikisi timafa."

"Ndiye mwana mmodzi atenge tonse, awiriwo azingoyang'ana? Musankhe ndinu bambo wawo, atenge ndani?"

Ndinayang'ana ana anga. Sindinathe kusankha. A Kalinde anatenga sefa ya tiyi n'kuyamba kuvundula m'madzi, tinsomba tikuthawira pakona limodzi. Ndinaona kuti atipweteka, choncho ndinawalanda sefayo. Ndinatigawa ndi manja anga, tiwiri m'botolo lililonse, ndipo ndinaboola zivindikiro ndi msomali kuti mpweya uzilowa. Ine anandipatsa thanki yopanda kanthu, poti ndinabwera nayo ndine. Ndinapita nayo kwathu ku Namitambo pakabaza.

Ta Levi tinafa sabata yomweyo, a Kalinde anandiuza okha pafoni, mwaulemu wonse. Ta Mtisunge sindinafunse n'komwe, ndinkaopa. Sabata yachitatu, Lachinayi masana ndili pamakwerero ndikupenta sitolo ya munthu, foni inalira. Inali nambala ya Agnes, koma mawu anali a Tawina, mwana wanga woyamba, wa zaka khumi ndi ziwiri.

"Ababa, kamodzi kafa dzulo."

"Pepa, mwanawe. Nanga kenako?"

"Kangokhala pansi pa botolo. Ndikathira chakudya sikakubwera. Sopo sindinayandikize, ababa. Madzinso ndasintha Lamlungu ngati mmene ankachitira amayi."

"Sunalakwitse chilichonse, Tawina."

"Ndiye kakusowa chiyani?"

Yankho ndinali nalo, a Shafiq anatipatsa kalekale. Ndinatsika pamakwerero n'kukhala pansi, penti ikudontha pabuluku.

"Iweyo wadya lero?" ndinafunsa.

Kumbuyo kwake ndinkamva Agnes akumuitana kachitatu kuti chakudya chikuzizira.