Timatumba Khumi ndi Tinayi

Lachiwiri pa 4 Malichi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, pulambala anataya magazi kachitatu. Anali m'bafa ya kasitomala, sipanala ili m'manja. Sanamve kuwawa paliponse. Atakhala pa chimbudzi chimene anali atangomaliza kukonza, madzi onse anafiira moderako.

Kuchipatala anamuika magazi mapaketi awiri. Kenako anamumwetsa mankhwala otsuka m'mimba, n'kulowetsa kamera m'matumbo. Dokotala, mayi wolankhula motsitsa mawu, anamuonetsa zithunzi: timabowo takuda pakhoma la thumbo lalikulu, tomuyang'ana ngati maso. Anati ndi timatumba totumphukira kunja kwa thumbolo. Kamtsempha kakang'ambika m'kamodzi, magazi amathira, kenako n'kuleka okha. Anawerenga khumi ndi tinayi kumanja, tiwiri kumanzere. Tonse tinali touma.

"Nanga kakudonthako ndi kati, adokotala?"

Dokotala anati sakudziwa. Ankakayikira takumanja chifukwa cha kuchuluka kwake ndi mtundu wa magaziwo, ndipo anafuna kuchotsa mbali yonseyo ulendo wachinayi usanafike.

Pa zaka makumi atatu za ntchito yake, pulambala anali asanaswepo khoma asanaone dontho. Ankayala nyuzipepala youma pansi pa paipi n'kudikira, ngakhale tsiku lonse, eni nyumba akung'ung'udza. Koma ankadziwanso kuti paipi yoleka yokha kudontha imakhala isanapole. Imangodikira mmisiri atuluke pakhomo.

Pakona ya wodi panali sinki. Masana onse mpopi wake unkati tho, tho, tho. Akatembenuka kuti aone, unkaleka. Odwala anzake anati sakumva kanthu.

Pulambala anauza mkazi wake kuti sasaina pepala lovomera opaleshoni mpaka kamera itaona pomwe pakudonthapo.

"Tikuyalireni nyuzipepala ndiye?" anatero mkaziyo akupinda thaulo. Sanaseke. "Bambo ake mwana, paipi ili ndi pokatsekera kumita. Inuyo tikakutsekerani pati?"

Anasaina Lachisanu. Pa 11 Malichi anamuchita opaleshoni ya maola atatu, ndipo bala linapola bwino.

Pa 25 Malichi anabwerera kukamva zotsatira za thumbo lodulidwalo. Dokotala anawerenga pepala kawiri asanadzutse mutu. Oyeza anatsegula timatumba tonse khumi ndi tinayi, kamodzikamodzi. Palibe kamene kanapezeka ndi mtsempha wong'ambika. Anati zimatheka ndithu, pakuti bala laling'ono chotero limatsekeka osasiya chipsera.

Pulambala anafunsa za tiwiri takumanzere tija. Dokotala anati tikadalipo.

Lero ndi pa 9 Epulo, ndipo magazi sanabwerenso. Mkazi wake wachotsa nsalu zamaluwa pabedi n'kuyala zoyera, popanda womuuza. M'mawa uliwonse pulambala amaimirira n'kuyang'ana pansi asanagwejemule madzi. Mipopi yonse ya m'nyumbamo anaimanga yekha, ndipo palibe umene umadontha. Koma kuyambira Lolemba akumva tho, tho, tho, chakumanzere.