Makoswe m'galimoto ya apongozi

Galimoto ya a Kapembwa inakhala pamiyala zaka ziwiri ku Matero, ndipo makoswe anamanga zisa m'mapaipi olowetsa mphepo. Ataikonzetsa, ntchito yoyeretsamo anaipereka kwa mkamwini wawo, Josiah. Iye anakokolola zinyalala ndi waya mpaka pamene dzanja linalekezera, kwinako n'kungothirako mafuta onunkhira, nanena kuti wamaliza.

Lamlungu ananyamula apongozi akewo kupita nawo kutchalitchi, iwo ali mu suti yoyera ya akulu a mpingo. Dzuwa linaswa mtengo, koma mawindo anakana kutsika, popeza makoswe anali atadya mawaya.

A Kapembwa anatambasula dzanja kuti ayatse fani. Josiah ankadziwa zimene zinatsala m'katimo. Koma mkamwini woleredwa bwino sagwira dzanja la apongozi, ndipo kuwaletsa kukanakhala kuulula bodza lake. Anangogwira chiwongolero zolimba.

Fani itangoyaka, zitosi za makoswe ndi makoko a mtedza zinawazika pachifuwa pa mkuluyo.

"Ba Josiah, munaniuza kuti mwasiliza."

"Ee, batata."

"Yendetsani. Tikafika muzankhala pafupi na ine kutsogolo. Aliyense wofunsa za suti iyi, muzamuyankha ndimwe."