Mchira Kwathu, Mutu kwa Achimwene

Amuna anga ndi achimwene anga anasiya kumwerana madzi chifukwa cha jumbo. Onse awiri ali m'gulu la oonera mbalame, anthu aja amalawirira m'mamawa kukayang'ana m'mitengo ngati anataya chinthu kumwamba. Chaka chatha amuna anga analengeza pagulu kuti aona mbalame yoyera yosowa kwambiri. Achimwene anakweza magalasi awo oonera patali, n'kunena mokweza kuti, "Alamu, mbalame yanuyo ili ndi zogwirira." Linali jumbo lokodwa m'nthambi. Anthu anaseka mpaka misozi, ndipo moni anathera pomwepo.

Tsoka lake, nyumba zathu zinangosiyana ndi mpanda, ndiye wopereka mauthenga ndinasanduka ine. Zinkandiwawa. Ndinkangofuna achimwene adzakhalenso pampando m'nyumba mwanga.

Tsiku lina m'mawa amuna anga analowa kukhitchini, kamera ili m'manja.

"Mayi, taonani! Kachokera kumayiko ozizira aka. Sikanaonekepo kuno."

Ndinayang'ana. Masamba a gwafa wathu wa pampanda, timiyendo tiwiri, ndi mchira wofiirira.

"Nanga mbalameyo ili kuti?"

"Ndi imeneyo! Kanangosuntha ndikudina."

Anatumiza chithunzicho kwa wapampando wa gulu. Iye anayankha kuti mchira wotere umapezeka pa mbalame ziwiri: yosowayo, ndi ina yongopezeka paliponse. Popanda mutu sangalembe dzina la munthu kuti waiona. Amuna anga anadikirira pansi pa gwafa mpaka khosi kuuma, amvekere kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kambalameko kanali katapitiriza ulendo wake.

Kenako wapampando uja anaimba foni. Munthu wina anali atatumiza mutu wokhawokha, wa m'mawa womwewo, pamtengo womwewo, koma wojambulidwa tsidya lina la mpanda. Mutu pawokha nawonso sunkakwanira. Anati eni zithunziwo azilumikize, ndipo zikagwirizana alembedwa onse.

"Ine kukagogoda kumeneko?" anatero amuna anga. "Bola kafe kopanda dzina!"

Sanafunike kupita. Masana tinangomva odi pakhomo, achimwene ali chilili, foni m'manja.

"Alamu, ndamva muli ndi mchira wanga."

"Mchira ndi wanga. Inuyo ndiye mukusunga mutu wa eni."

Ndinatereka tiyi msangamsanga asanasinthe maganizo. Anakhala patebulo, foni uku kamera uku, zipumi zitatsala pang'ono kugundana. Nthambi inalumikizana. Tsamba lina lobooka linali theka kwathu, theka kwawo. Pamwamba pa diso panali kamzere koyera, komwe pamodzi ndi mchira wofiirira uja kanali chizindikiro cha yosowa ija. Anayamba kukangana za komwe kambalameko kanagona usiku wathawo, aliyense kudula mnzake pakamwa, phokoso lomwe ndinali nditalisowa.

Mkangano uli mkati, achimwene anandipatsira foni. "Iwe, taona mdzukulu wanga, wayamba kuyenda."

Ndinaona mwanayo, ndinapitiriza kutsegula zithunzi, mpaka chala chinapitirira malire. Kambalame kaja kanali apo kathunthu, kuyambira mlomo mpaka nsonga ya mchira, kooneka bwino ngati ka m'buku. Chinali chithunzi chomwe chija asanachidule pakati. Akanachitumiza chonchi, dzina likanalembedwa lawo lokha.

Ndinawayang'ana achimwene. Anapukusa mutu pang'ono, n'kupitiriza kutakasa tiyi.

"Alamu, vomerani," amuna anga anali kunena, chifuwa chili patsogolo, "popanda mchira wangawu mukanangogwira njakata."

"Zoona zimenezo, alamu," anayankha achimwene.

Ndinazimitsa foniyo n'kuibweza. Ndinanena kuti shuga watha, ngakhale anali wodzaza, ndipo ndinathawira kukhitchini amuna anga asanandifunse chomwe chandilowa m'maso.