Funso la Pachipata cha Mzinda

Chitulukireni m'chipatala, achimwene anali asanawerengepo kanthu. Nyuzipepala ankangoikankha, uthenga wa pafoni ankapatsira akazi awo. Dokotala anati sitiroko imatha kulanda mawu pakamwa n'kusiya kuwerenga, kapena kulanda zonse, ndipo mlongo wawo ankaopa kuti yalanda zonse. Munthu woti waphunzitsa sukulu zaka makumi awiri!

Ndiye atamva kuti gemu ya pakompyuta imene ankalimbirana ali ana yatulukanso pa intaneti, mlongoyo anaiika pa laputopu yake. Inali gemu ya nkhani. Zithunzi zake zachikale, anthu ngati timabokosi, koma mawu tho. Sithamangitsa munthu, imafunsa n'kudikira.

Loweruka masana mlongoyo anasuntha mabotolo a mankhwala patebulo, n'kuika mausi pansi pa dzanja lamanzere la achimwene, lomwe linkagwirabe ntchito.

Poyamba zinayenda. Achimwene anadutsitsa msilikali wawo m'nkhalango, koma imeneyo ndi ntchito ya zala, ngakhale mphaka angathe. Kenako anafika pachipata cha mzinda, pomwe sanafikepo ali ana chifukwa chimbale chachiwiri cha gemuyo chinakalika. Mawu anadzaza sikirini. Alonda anali atagwira mnzake wa msilikaliyo akugulitsa mapu kwa adani, ndipo pansi panali mayankho atatu oti asankhepo.

Dzanja linaima.

Mlongoyo anagwidwa ndi mantha. Mphindi inatha, ina n'kutsatira. Maso a achimwene ankayenda, koma kaya m'mizere kaya pachabe, akanadziwa ndani? Alamu anasuzumira pakhomo la khitchini atagwira nsalu yopukutira mbale.

"Atopa, asiyeni," alamuwo ananong'ona.

"Ndikuwerengereni, achimwene?" anafunsa mlongoyo, ndipo anadzida pomwepo chifukwa cha funsolo.

Anapukusa mutu. Milomo inalimbana, mbali imodzi ikukana. Kenako analoza kiyibodi ndi chibwano.

"Se... seva kaye."

Mlongoyo anangoti kukamwa yasa. Wosewera gemu zotere amaseva akaona kuti yankho lingaphetse munthu, kuti akalakwitsa abwerere. Kodi zoopsazo aziona pati? Anadina batani, n'kuphonya kawiri.

"Bwanji, achimwene? Pachitika chiyani?"

Anasiya mausi, n'kugunda sikirini pamzere wachinayi.

"Mnzathuyu," anatero pang'onopang'ono, "wa... gulitsa mapu. Chitsiru."