Akaunti Yomwe Sindinatseke

Mng'ono wanga anamuchotsa ntchito pa mlandu womwe sanapalamule, ndipo lamulo loti akaunti yake ya pa kompyuta itsekedwe linafikira ine, mkulu wake wa bere limodzi. Ndine woyang'anira databesi, nkhokwe ya pa kompyuta yosunga za odwala, pa chipatala chomwe iye ankagwirapo ntchito. Ofesi yanga ndi kachipinda kozizira kuseri kwa labu, momwe muli seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za chipatala, komanso mpando wothyoka msana ndi ineyo. Anthu amanditchula kuti Mayi a Seva, ndipo amandikumbuka pokhapokha makompyuta akavuta.

Mlanduwo unali wotere. Mayi wina, mphunzitsi, anadzayezetsa magazi. Asanabwere n'komwe kudzamva zotsatira, apongozi ake anali atazimva kale, ndipo pobwera kuchokera ku sukulu anapeza katundu wake ali pakhonde. Anafika pa chipatala akulira mokuwa mpaka odwala anadzuka pa mabenchi. Akuluakulu atayang'ana pa pulogalamu ya labu, anapeza dzina la amene anatsegula zotsatirazo komaliza, ndipo linali la mng'ono wanga, woyeza magazi. Mlandu unathera pomwepo. Nkhani anaitumizanso ku bungwe lopereka ziphaso, ndipo bungwelo likanamulanda chiphaso, sakanagwiranso ntchito m'labu ina iliyonse moyo wake wonse.

"Achemwali, tsiku limenelo ndinali kotenga magazi, mzere unali mpaka panja," anandiuza, mwana wake ali pa bere. "Kompyuta sindinaikhudze n'komwe."

"Pasiwedi yako akuidziwa ndani?"

"Palibe. Kupatula bwana, paja ndinawasiyira popita kukachira."

"Ndipo utabwerako sunasinthe?"

Anangoweramitsa mutu. Ndinafuna kumuwomba mbama, koma ndinaona mmene makolala a bulauzi yake anali atayamba kale kumukulira.

Ku labu kwathu kuli chizolowezi chopusa. Aliyense wopita ku tchuthi amasiya pasiwedi yake kwa mkulu wa labu, ati kuopa kuti ntchito ingaime. Ndinaletsa mpaka mawu kusasa, koma ndani amamvera mayi wa m'kachipinda kozizira? Mkulu wa labuyo timamutchula kuti Bambo Ndondomeko, chifukwa sangathe kupempha ngakhale cholembera osatchula mawu amenewo. Ndi munthu wa malaya oyera mbee, wopemphera mokweza pa misonkhano. Koma iyeyo ndi amene ankayamba kudziwa kuti namwino uyu ndi woyembekezera, dalaivala uja akumwa mankhwala otani. Mkazi wake ali ndi saluni, ndipo nkhani zikalowa m'menemo zimatuluka limodzi ndi tsitsi la aliyense.

Ndinkadziwa kuti ndi iye, koma umboni ndinalibe. Pulogalamu ya labu imangosunga dzina la akaunti, siisunga kompyuta yomwe munthu anakhalapo.

Bambo Ndondomeko anabwera yekha pakhomo la kachipinda kanga, manja ali kumbuyo.

"Mayi a Seva, pepani ndi za mng'ono wanu. Zandikhudza kwambiri. Koma ndondomeko ndi ndondomeko. Akaunti ija mwatseka?"

"Ayi bambo, seva ikundivuta. Ndidzatseka mwezi ukatha."

"Chabwino, musadzipanikize."

Ndinamusekerera mpaka mano kuuma. Atatembenuka ndinayang'ana nkhongo yake yonenepa ija n'kulumbira mumtima kuti munthu ameneyu ndidzamuvula pagulu.

Ndinapita kwa dokotala wamkulu, mayi wosakonda nkhani zambiri. Ndinawafotokozera kuti databesi ili ndi matebulo, lina la mayina a odwala, lina la zoyezetsa, lina la zotsatira, onse olumikizana ndi nambala ya wodwala. Seva imatha kuchita kalondolondo pa tebulo lililonse. Ukamuyatsa, amalemba akaunti yomwe yalowa, kompyuta yomwe yalowera, nthawi yake, ndi funso lomwe yafunsa. Kalondolondoyu anali chizimitsire chifukwa a Ndondomeko omwewo anadandaula kale kuti amachedwetsa ntchito.

"Ndiye yatsani tione za mphunzitsi uja," anatero adokotala.

"Sayang'ana m'mbuyo, adokotala. Amayamba kulemba pomwe mwamuyatsira."

"Nanga atithandiza chiyani?"

"Wozolowera kusuzumira sasiya. Mungondilola ndiyatse pa tebulo la zotsatira lokha, akaunti ija ikhale yotsegula, ndipo musauze munthu."

"Mukudziwa kuti mukalakwitsa, inunso mutsatira mng'ono wanu?"

"Ndikudziwa."

"Yatsani."

Ndinayatsa. M'mawa uliwonse, ndisanavule n'komwe juzi, ndinkatsegula zomwe kalondolondo walemba. Mizere inali mbwee: anamwino, madokotala, oyeza magazi, aliyense pa akaunti yake, pa kompyuta yake, kufunsa za odwala ake. Akaunti ya mng'ono wanga inali zii. Munthu uja anali atachenjera, ankadikira kuti fumbi likhazikike. Koma ife nthawi yodikira tinalibe, chifukwa tsiku la bungwe la ziphaso linali kuyandikira. Mng'ono wanga anasiya kutuluka m'nyumba. Mlamu wanga, mwamuna wake, anayamba kufunsa mafunso a mbali, akuti kodi mwina anangouzako mnzake mmodzi mosadziwa. Nditamva zimenezo ndinapsa mtima mpaka ndinalephera kudya.

Ndinazindikira kuti msampha wanga unalibe nyambo. Pankafunika dzina loti a Ndondomeko akaliona, zala ziwayabwe. Kulemba wodwala wabodza sindikanatha, imeneyo ikanakhala mbuna yodzikumbira ndekha. Ndiye ndinaganiza za munthu yemwe bamboyo ankafunitsitsa atamudziwira chinsinsi, ndipo munthuyo anali ine.

Ndinasankha nthawi yomwe anali mu labu. Ndinalowa nditafunda mpango kumutu, maso nditawatikita kuti afiire, n'kukhala pa mpando wotengera magazi.

"Mayi a Seva, kwagwanji?" anafunsa mtsikana wotenga magazi.

"Ndiyezeni zonse," ndinanena motsitsa mawu, koma mosatsitsa kwambiri. "Kunyumba sizili bwino. Chonde asadziwe munthu."

Kunyumba kunali bwinobwino. Bambo a ana anga anali atandiperekeza m'mawa womwewo mpaka pa geti, tikuseka za mwana wathu wamng'ono yemwe anabisa nsapato kuti asapite ku sukulu. Ndinalibe nkhawa ngakhale pang'ono. Singano ikulowa ndinaona a Ndondomeko akupukuta magalasi awo pang'onopang'ono, khutu lili kuno.

Zotsatira zitatuluka sindinapite kukazimva, ndipo sindinazitsegule pa seva, kuopa kuti dzina langa lingadetse umboni. Ndinangokhala n'kumadikira.

Sanathe kupirira. Tsiku lotsatira, nthawi ya nkhomaliro, mzere unatulukira pa sikirini yanga. Akaunti ya mng'ono wanga, munthu wochotsedwa ntchito yemwe anali kwawo akuchapa matewera, inali italowa. Inalowera pa kompyuta ya mu ofesi ya mkulu wa labu. Inafunsa tebulo la zotsatira za nambala imodzi yokha, yanga. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. Ndinaseka ndekha m'kachipinda muja ngati wamisala. Kenako ndinakopera zonse pa malo awiri osiyana n'kupita kwa adokotala.

Anatiitana m'chipinda cha misonkhano: adokotala, bambo wa za antchito, a Ndondomeko ndi ine. A Ndondomeko anapempha kuti tiyambe ndi pemphero. Adokotala anati tiyambe ndi sikirini.

Ndinaonetsa mzere uja pa khoma, zilembo zikuluzikulu.

"Izi ndiye ziti?" anafunsa a Ndondomeko. "Ndimayesa mtsikana ameneyu tinamuchotsa? Ndiye kuti akulowabe? Mwaona, ndinanena ine kuti akauntiyi itsekedwe."

"Walowera pa kompyuta yanu, bambo," ndinatero.

"Mu ofesi mwanga mumalowa anthu ambiri."

"Nthawi ya nkhomaliro mumadzitsekera, kiyi muli naye nokha. Koma tiyeni tione mizere yoyandikana nayo." Ndinatsitsa pang'ono. "Apa akaunti yanu yatuluka. Apa ya mng'ono wanga yalowa, pa kompyuta yomweyo, mpando usanazizire. Yafunsa za ine. Yatuluka. Apa yanu yabwereranso n'kupitiriza lipoti lomwe munalisiya pakati. Kapena mng'ono wanga anakukhalani pamiyendo?"

Wa za antchito anatsokomola kuti abise kuseka. A Ndondomeko anavula magalasi, anawavalanso. Thukuta linatsika m'mbali mwa khutu n'kudontha pa kolala yoyera ija, ndipo ine mtima unali kumwa wa mkaka.

Koma bamboyo sanali wogwa ndi chibakera chimodzi. Anakhala tsonga n'kuyala manja pa tebulo.

"Chabwino. Ndinatsegula. Ndinaona mnzathu wa pa ntchito ali wosweka mtima, ndinafuna kudziwa mmene ndingamuthandizire. Ndinalakwitsa njira, ndikuvomera. Koma kuona si kuulula. Mtsikana uja anachotsedwa chifukwa choulula za mphunzitsi. Makina anuwa akuonetsa pati kuti ine ndinauzapo munthu kanthu? Ine pakamwa panga m'potseka."

Wa za antchito anagwedeza mutu. "Pamenepo akunena zoona. Kugwiritsa ntchito akaunti ya wina ndi mlandu wa chenjezo. Koma za mphunzitsi zija, umboni sukufikako. Ku bungwe la ziphaso sitingasinthe kanthu ndi zimenezi zokha."

Anali kunena zoona. Seva imaona zala zokha, pakamwa siipaona. Magazi anga ndinapereka, msampha unagwira, koma nyama inali kutuluka ndikuona, ndipo mng'ono wanga anali pomwe paja. A Ndondomeko anandiyang'ana ndi kachisoni konamizira, ndipo ukali unandikwera mpaka m'makutu.

"Kundithandiza?" ndinatero. "Inu? Munthu wamkulu, wa imvi, kudzitsekera mu ofesi n'kuvala dzina la mwana wamng'ono kuti musuzumire magazi a mkazi wa mwini! Ndipo munapezamo chiyani? Palibe! Ndinakutcherani dala, bambo. Misozi ija inali yabodza, mpango uja ndinabwereka. Munathamangira mbale yopanda kanthu ngati galu, ndipo chipatala chonse chimva kuti Mayi a Seva anakupusitsani."

"Mayi, khalani pansi," anatero adokotala.

Koma a Ndondomeko anali ataimirira kale. Kunyozedwa ndi mkazi, pamaso pa mkazi mnzake, sakanakumeza.

"Yopanda kanthu?" anakuwa. "Mukuti yopanda kanthu? Simunazione eti? Mayi, muli nako kachilombo! Pitani mukawafunse amuna anu okuperekezani pa geti aja kumene amayenda. Mukundinyoza ine pomwe nyumba yanu ikupsa!"

Ndinamva fani ya pulojekita ikulira. Ndinaona nkhope ya bambo a ana anga pa geti, akuseka, ndipo pansi panayamba kupendekeka. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Ndinkafuna kulira, koma ndinati ayi, osati pamaso pa munthu uyu, ndipo osati ntchito isanathe.

"Adokotala," ndinatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina, "mwamva. Bambo wa za antchito, mwamva. Ine ndine wodwala wa pa chipatala pano. Zotsatira zanga sindinapatsidwe. Mkulu wa labu waziulula pagulu, mokuwa, chitseko chili chotsegula. Paja amati pakamwa pawo m'potseka. Lembani."

A Ndondomeko anayang'ana chitseko. Panja anamwino awiri anali ataima ndi thireyi ya mankhwala, kukamwa kuli yasa. Bamboyo anayang'ana adokotala, anayang'ana ine, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono ngati wathyoka msana.

"Sindimafuna kutero," ananong'ona. "Anandiputa."

"Siyani kiyi wa ofesi pa tebulopo," anatero adokotala. Anatembenukira kwa wa za antchito. "Muimbire bungwe la ziphaso lero lomwe. Muwauze kuti dandaulo lathu tabweza, ndipo tikutumiza lina. Mumuitanenso mphunzitsi uja, ndikufuna ndimufunse kuti apongozi ake amakonzetsa tsitsi kuti." Kenako anandigwira dzanja pansi pa tebulo, mwamphamvu. "Inu mutsale. Kuyeza kamodzi sikokwanira, tibwereza. Ndipo zikakhala zoona, mankhwala alipo, mukudziwa."

Ndinati ndikudziwa, koma ndinapempha kuti ndiyambe ndatuluka. Ndinadutsa anamwino aja, omwe anayang'ana pansi, n'kukalowa m'kachipinda kanga. Ndinakhala pa mpando wothyoka uja, n'kuimba foni.

"Achemwali?"

"Chiphaso chako sachikhudza. Bwana wako uja wagwidwa. Wachoka."

Anakuwa mpaka foni inalira m'khutu. Ndinamva akuitana mwamuna wake, mwana akulira, mbale ikugwa. Kenako anabwerera pa foni akupuma mwabefu.

"Mwachita bwanji, achemwali? Mwamugwira bwanji? Nanga mawu anu akumveka choncho bwanji?"

"Ubwere mawa m'mawa, uvale yunifolomu yako."

"Mawa lomweli?"

"Eya. Pali wodwala wofunika kumuyezanso magazi, ndipo sakufuna kuti amugwire munthu wina koma iwe."

"Ndani ameneyo?"

"Ungobwera, mng'ono wanga. Udzandipeza pa mpando."